Wotchi ya Malemu a Miti

"Itseguleni pompano, anthu aone ntchito ya manja anu."

Wotchi inagwera patebulo mwamphamvu, tizitsulo tomwe tinali m'kambale tinadumpha n'kumwazikira pansi. Mateyo Daka anachotsa kagalasi koonera kamene anali atapanira m'diso, n'kudzutsa mutu. Patsogolo pake panaima mwamuna wa shati yoyera yosita bwino, makiyi a galimoto akulendewera pachala. Nkhope ya munthuyo sanaikumbukire msanga, koma wotchiyo anaidziwa asanaikhudze n'komwe. Inali ya malemu a Edward Miti, mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Sinda, mkulu wa mpingo, amene anaikidwa m'manda milungu itatu m'mbuyomo.

"Ndinu a Lloyd, mwana wa aphunzitsi," anatero Mateyo. "Pepani ndi maliro aja. Khalani pansi, bambo."

"Sindinabwerere kukhala pansi. Ndati itseguleni."

Mateyo anali atakhala pakhonde limeneli zaka makumi awiri ndi ziwiri. Linali khonde la sitolo ya mayi Eliza, yogulitsa mbewu ndi mankhwala a kumunda, moyang'anana ndi msewu waukulu wodutsa pa Katete. Kale ankakonza mawotchi ofa. Mafoni atabwera ntchito ija inachepa, ndiye anaphunzira ina: kuveka mawotchi akale nkhope zatsopano, mivi yatsopano, nthawi zina ndi injini yomwe. Zipangizo ankaitanitsa ku Lusaka, zimabwera pa basi. Mwezi umenewu wa Ogasiti patebulo pake panali mawotchi asanu ndi awiri a anthu ofuna kukatchena ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ndipo eni ake ena anali pompo pamsika, makutu ali tcheru.

"Ndinapita nayo ku Lusaka kuti akaitsuke," Lloyd anatero mokweza mawu, akutembenukira kwa anthu odutsa. "Wotchi ya atate, ya ku Switzerland, yomwe anavala zaka makumi anayi. Mukudziwa zomwe anandiuza? Anaitsegula n'kuyamba kuseka. Akuti nkhope ndi feki. Injini ndi yotchipa, ya m'makatoni. Chenicheni chatsala ndi chigoba ndi lamba basi. Ndipo kunyumba onse akuti palibe munthu wina anaigwirapo wotchi imeneyi koma mdala uyu."

Anyamata a njinga zamoto anazimitsa njinga zawo n'kusendera. Amayi awiri ogulitsa mbatata anasiya malonda. Mphepo inali kuulutsa fumbi ndi mapepala mumsewu.

"Kodi n'zoona, a Daka?" anafunsa mmodzi wa anyamatawo. "Yanga ija ilinso pomwepo. Musatidyere m'kati n'kutisiyira makoko."

Ena anaseka, koma kunali kuseka kouma.

"Palibe chifukwa choitsegulira," Mateyo anatero. "Zomwe anakuuzani ku Lusaka n'zoona. Nkhopeyo ndinaika ndine. Injiniyo ndinaika ndine."

Phokoso linabuka nthawi yomweyo.

"Wavomera yekha!"

"Zaka zonsezi timati ndi munthu wopemphera!"

"Koma sindinabe," Mateyo anawonjezera, mawu ake n'kumira m'phokosomo.

Dzanja lake linali m'thumba la jekete, litagwira foni. M'foni imeneyo munali chithunzi chimodzi chomwe chikanathetsa nkhani yonse mu mphindi imodzi. Koma analiumitsa dzanjalo momwemo.

Zaka zitatu m'mbuyomo a Edward anafika pakhonde lomwelo m'mawa, anthu asanachuluke. Anavula wotchi ija n'kuiika patebulo, kenaka anafunsa ngati zingatheke kuti wotchi imodzi isanduke ziwiri. Mateyo anayesa kuti akuseka. Koma mkuluyo anatsitsa mawu n'kufotokoza. Ali mnyamata anatumizidwa kukaphunzitsa ku Vubwi zaka ziwiri, mkazi wake atatsala ku Sinda. Kumeneko kunabadwa mwana wamwamuna, dzina lake Francis, amene anakulira kwa amake osatchulidwa dzina la Miti. "Ndakalamba, a Daka," anatero. "Lloyd wotchiyi amaidziwa kunja kwake, ankaiseweretsa ali pamwendo panga. Ameneyo adzatenge chigoba. Uyu winayu sanakhalepo pamwendo panga. Zam'katizi mumuikire m'chigoba china." Mateyo anawachenjeza kuti wotchi yotere ikagawidwa siikhalanso ndi mtengo wake, koma mkuluyo sanasunthike. Ntchito inatenga mwezi. Pa tsiku lotenga, a Edward anabwera ndi Francis yemwe, ndipo anamugwira dzanja Mateyo kuti alonjeze: mayi a kunyumba asadzamve, ana asadzamve, mpingo usadzamve.

Tsopano mwini lonjezo anali m'manda, ndipo wolisunga anali atazingidwa ndi anthu.

"Ngati simunabe, zili kuti?" Lloyd anawerama n'kugwira m'mphepete mwa tebulo. "Munagulitsa kwa ndani? Ku Chipata? Ku Malawi?"

"Sindinagulitse."

"Ndiye tulutsani."

"Pano palibe. Ndipo nkhani yake si ya pamsewu, bambo. Tipeze malo, tikhale pansi."

"Mukufuna tikakambirane kuseri kuti mukandinyengerere? Ine si atate amene munawapusitsa chifukwa maso anali atafooka."

Anakankha tebulo. Silinagwe, koma bokosi la magalasi a mawotchi linatsetsereka n'kusweka pa simenti. Munthu wina kumbuyo anakuwa kuti aitane apolisi. Wina anati apolisi achedwa, wakuba mankhwala ake amadziwika. Mateyo anamva dzanja lachilendo likugwira kolala ya jekete lake kumbuyo. Anali ataonapo zomwe gulu limachita pamsika pomwepa, kwa munthu amene ankamuganizira kuti waba mbuzi.

Mayi Eliza anatuluka m'sitolo atanyamula mpini wa khasu watsopano, wa malonda.

"Iwe, chotsa dzanja lakolo! Pakhonde panga sipamenyedwa munthu. Mwamva mbali imodzi, mwayamba kale kuvina. Inu a Lloyd, mwaphunzira sukulu, mlandu amaweruza choncho?"

"Mayi, munthuyu wavomera yekha."

"Wavomera kuti anaika, sanavomere kuti anaba. Makutu ndili nawo." Anatembenukira kwa Mateyo n'kutsitsa mawu. "A Daka, ngati muli ndi chonena nenani msanga. Mpini uwu ndi umodzi, anthuwa ndi ambiri."

Mateyo anaganiza za mkulu uja atamugwira dzanja. Anaganiza za mkazi wake yemwe, amene madzulo ano adzamva kuti mwamuna wake amutcha wakuba pamsika. Kamba amanyera womtola, anatero mumtima.

"Ndinena," anatero. "Koma ndinena pamaso pa amayi anu, a Lloyd. Nkhaniyi eni ake ndi iwowo. Akandilola kuti ndiinene pagulu, ndidzainena pagulu."

"Amayi musawalowetsemo. Ali pa chisoni."

"Ndili pano."

Anthu anapatuka. Tsidya la msewu chitseko cha galimoto ya Lloyd chinali chotsegula, ndipo mayi wachikulire wovala zakuda, duku lakuda kumutu, anali atawoloka kale. Anali mayi Lydia, mkazi wa malemuyo. Anabwera ndi mwana wawo ku Katete kudzasaina mapepala ku boma, ndipo anauzidwa kuti adikire m'galimoto mphindi zisanu.

"Mphindi zisanu zako ndi zimenezi?" anafunsa mwana wawo. "Dzina la atate ako likumveka mpaka kokwerera mabasi." Kenaka anayang'ana Mateyo. "Bambo, mwati muli ndi mawu ndi ine. Tikalankhulire kuti?"

Mayi Eliza anawalowetsa m'chipinda cha kumbuyo kwa sitolo, momwe munali matumba a mbewu ya chimanga ndi fungo la mankhwala a thonje. Anaika mpando umodzi wa mayi Lydia, natuluka, natseka chitseko. Phokoso la panja linkamvekabe ngati njuchi.

Mateyo anagwada ndi bondo limodzi pafupi ndi mpandowo.

"Mayi, ndikadakonda mwana wanu atayamba watuluka."

"Ayi. Ng'oma waiimba yekha, avine nawo. Nenani."

"Aphunzitsi anandilumbiritsa kuti ndisadzanene. Ndasunga zaka zitatu. Lero ndikuphwanya, Mulungu andikhululukire, ndipo inunso mundikhululukire, chifukwa zomwe muone zikupwetekani."

Anatulutsa foni, nafufuza chithunzi chija, naipereka ndi manja awiri.

Pachithunzipo panali benchi la pakhonde lomwelo. A Edward anakhala kumanja, atavala jekete lawo la ku tchalitchi. Pambali pawo panakhala mwamuna wamng'ono kwa iwo, wa shati ya mizeremizere, manja a munthu wolima. Onse awiri anatambasula mikono kuonetsa mawotchi. Ya a Edward inali iyi ya chigoba chakale. Ya winayo inali ya chigoba wamba chachitsulo, koma nkhope yake inali ija yachikasu ndi ukalamba, yokhala ndi kabanga pafupi ndi nambala 4.

Mayi Lydia anaiyandikitsa foniyo kumaso, naitalikitsa, naiyandikitsanso. Sanayang'ane mawotchiwo. Ankayang'ana mphumi ya munthu winayo, ndi makutu ake.

"Ameneyu ndani?" Lloyd anafunsa ali chiimire kumbuyo kwawo. "Ndiye anagula?"

"Dzina lake ndi Francis," anatero Mateyo. "Amakhala ku Vubwi. Sanagule. Atate anu anandipempha kuti wotchi yawo ndiigawe pawiri, kuti aliyense wa ana awo aamuna adzakhale ndi mbali yake."

Panja lole inadutsa, malata n'kunjenjemera.

"Bodza," Lloyd anatero, koma mawu ake anali atachepa. "Atate ana aamuna anali ndi ine ndekha. Zithunzi masiku ano amapanga. Mdala uyu akufuna kudetsa munthu wakufa kuti apulumuke."

"Khala chete," anatero amake osatembenuka. "Munthu uyu ndinamuona pamaliro. Anakumba nawo manda kuyambira m'mamawa. Sanadye, sanalowe m'nyumba. Ponyamula bokosi anagwira kumutu. Ndinafunsa kuti kodi mlendoyu ngwa kwa yani, anthu n'kuti mwina ngwa mpingo wina. Koma mayendedwe ake ndinawaona. Ndinadziuza kuti ndi misozi ikundinamiza."

Anaika foni pamwendo.

"Ku Vubwi. Anapita chaka chomwe ndinali ndi pakati pa iwe. Ankabwera kamodzi pamwezi ndi nyemba, n'kumadandaula za msewu." Anapuma mozama. "Zaka makumi atatu ndi zisanu ndikumuchapira, ndikumusitira jekete lokalalikira nalo anthu."

Sanalire. Anapinda ngodya ya chitenje chawo n'kuitambasula, kuipinda n'kuitambasula.

"A Daka, ndiuzeni zoona, inu ndinu mmisiri. Pa wotchi, chofunika kwambiri n'chiti? Chakunja kapena cham'kati?"

Mateyo anafuna kuzungulira, koma maso a mayiyo sanamupatse njira.

"Kwa odziwa mawotchi, ndi cham'kati, mayi. Injini ndi nkhope."

"Ndiye ife anatisiyira chigoba."

"Iwo sanaganize choncho. Anati a Lloyd amaidziwa kunja kwake, chifukwa ankaiseweretsa ali mwana. Anati winayo sanakhalepo pamwendo pawo."

"Musawayankhire. Anali ndi pakamwa, akadanena okha."

Mateyo anawerama. "N'zoona. Ndipo inenso cholakwa ndili nacho. Nkhope yomwe ndinaikayo ili ndi dzina la kampani lomwe si lake. Ndinadziwa kuti ndikupanga chinthu choti chidzanamize anthu a m'nyumba mwanu. Ndinavomera chifukwa ndinawamvera chisoni aphunzitsi. Za inu sindinaganize."

Lloyd anayamba kuyendayenda pakati pa matumba.

"Chabwino. Ndipatseni nambala yake. Mawa ndipita ku Vubwi. Zimenezo ndi katundu wa banja, wotchi imeneyo mtengo wake ndi wa galimoto. Azibweze, mdala uyu azibwezeretse m'malo mwake, nkhani ithere pompo. Panjapo tingowauza kuti tagwirizana. Palibe chifukwa choti Katete yense adziwe."

"Tagwirizana chiyani?" anafunsa amake.

"Kuti nkhani yatha."

"Ukawauza choncho adzamva kuti munthuyu anaba, ife tamukhululukira. Ukuganiza kuti mawa adzabweranso munthu ndi wotchi pakhonde pano?"

"Nanga dzina la atate? Nanga ku mpingo?"

"Dzina la atate ako walikwapula ndiwe pamsewu, si bambo awa. Awa analisunga mpaka kugwidwa pakhosi." Anatembenukira kwa Mateyo. "Munthuyo ali ndi banja? Ali ndi ana?"

"Pamene ndinamuona anati ali ndi awiri. Mwina pano anaonjezera."

Mayi Lydia anatsegula chikwama, natulutsa envelopu ya mapepala a ku boma ndi cholembera.

"Lembani nambala yake kuseri kuno. Mulembe zikuluzikulu."

Mateyo analemba. Lloyd anatambasula dzanja kuti alandire, koma amake anabweza envelopuyo m'chikwama n'kutseka zipi.

"Ku Vubwi upita ndi ine, Loweruka. Uzikayendetsa galimoto, pakamwa ndidzatsegula ndine."

Anadzuka, nabweza foni kwa Mateyo, nakonza duku, natsegula chitseko okha.

Anthu panja anali ataonjezekera. Wapolisi mmodzi anali atafika, akulankhula ndi mayi Eliza. Onse atawaona mayi a zakudawo anakhala chete. Mateyo anaima pakhomo kumbuyo kwawo, osadziwa chomwe anene. Akanangoti nkhani yatha, iye sakanawatsutsa.

Mayi Lydia anaima m'mphepete mwa khonde. Mawu awo sanali okwera, koma anamveka.

"Bambo awa sanabe kanthu. Mwamuna wanga anali ndi ana aamuna awiri, wina ku Sinda, wina ku Vubwi. Wotchi yake anaigawa yekha ali moyo, ndipo bambo awa anangogwira ntchito yomwe anatumidwa. Ine ndazimva lero, limodzi ndi inu. Amene akufuna kukanena ku Sinda akanene, koma akanene zimenezi, asaonjezere."

Mayi wina wa mbatata anagwira pakamwa. Mnyamata amene anagwira kolala ya Mateyo anayang'ana kumbali n'kuyamba kulimbana ndi njinga yake ngati yavuta kuliza. Wapolisi anafunsa ngati pali wodandaula, ndipo mayi Lydia anati palibe.

Anatenga wotchi ija patebulo, naiika m'chikwama, nawoloka msewu pang'onopang'ono. Lloyd anatsalira pang'ono. Anayang'ana magalasi osweka pansi, anatsegula pakamwa, koma anangoti, "Magalasiwo ndidzatumiza ena," n'kutsatira amake. Pepani sanamutchule.

Gulu linabalalika m'timagulu, nkhani ili pakamwa. Mwa eni mawotchi asanu ndi awiri aja, awiri anabwera kudzatenga awo osakonzedwa. Mmodzi anati wasintha maganizo. Winayo ananena mosabisa kuti munthu wodziwa kusintha zam'kati mwini nyumba osazindikira zaka zitatu, ndi woopsa ngakhale asanabe. Mateyo anawapatsa osatsutsa.

"Mlandu suola, a Daka," anatero mayi Eliza akumupatsa tsache. "Koma uwu waolera pa inu, mwini wake ali gone."

"Ndinaunyamula ndekha, mayi."

Atasesa, anakhala pabenchi n'kutulutsa foni. Anayang'ana nambala ija nthawi yaitali asanaimbe. Inalira kanayi. Kumbali inayo kunamveka mphepo ndi kulira kwa chigayo chapatali.

"A Francis? Ndine Daka, wa mawotchi ku Katete."

"Eee, bambo, muli bwanji? Wotchi ikuyenda bwinobwino, sinavutepo."

"Sindinaimbire zimenezo. Ndaphwanya lonjezo la atate anu. Mayi a ku Sinda adziwa, mwana wawonso wadziwa. Ndinafuna mumve kwa ine musanamve kwa ena. Akubwera kwanuko Loweruka."

Mateyo anayang'ana foni kuti aone ngati yaduka.

"Akubwera kudzatenga wotchi?" Francis anafunsa.

"Sananene. Chomwe mayiwo anandifunsa n'chakuti muli ndi ana angati."

Francis anatsokomola.

"Atatu. Wamng'onoyo ndinamutcha Edward." Anapuma. "Muwauze kuti mlatho wa kufupi ndi kwathu unaguluka, galimoto sifika pakhomo. Ndidzawadikira pamsewu."